Mudzi wa Bambo Sunali pa Mapu

Chaka chimene ndinalowa Fomu 1 mvula inakana. Tinkakhala ku St Mary's, m'tauni ya Chitungwiza kufupi ndi Harare, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ine, bambo, amayi, mng'ono wanga ndi mlongo wanga wamng'ono. Sukulu yathu inali ku Seke, kupitirira Unit G, ndipo ana tinachuluka kuposa makalasi, moti ena ankalowa m'mawa, ife masana. Tikafika tinkapeza mabenchi akadali ofunda ndi anzathu amene angotulukapo. Phunziro la jogalafe linkagwera cha m'ma fili koloko, nthawi imene denga limalira ndi dzuwa, mutu ukulemera ngati mwala.

Aphunzitsi a phunzirolo anali mnyamata wamtali, wotsimphina mwendo wakumanzere. Anthu ankati anavulala kunkhondo, koma eni ake sankakambapo. Sankamenya mwana, ndipo pachifukwa chimenecho tinkawakonda. Kalasi yonse inali ndi buku limodzi la mapu, lothothoka chikuto, limene ankalinyamula kukhwapa ngati Baibulo. Tsiku loyamba anatiuza kuti aliyense akhale ndi kope la mawu okhaokha, alilembe mizere itatu: mawu kumanzere, tanthauzo pakati, chitsanzo kumanja.

"Chitsanzo chikhale choti munachiona ndi maso," anatero. "Musandilembere za ku Ulaya."

Ankaphunzitsa m'Chingerezi, tikasokonezeka n'kutembenukira ku Chishona. Chichewa chinali cha kunyumba kokha.

Temu yoyamba inali ya nthaka, madzi ndi miyala. Tsiku lina anatitenga wapansi mpaka ku mtsinje wa Manyame. Madzi anali atatsala m'maiwe obiriwira, onunkha, ndipo amuna ankakumba mchenga m'mphepete n'kumakweza pa malole. Aphunzitsi anatiimika pamwamba pa dzenje lalitali limene madzi a zaka zam'mbuyo anang'amba, nati uku ndiye kukokoloka kwa nthaka. Anatisonyeza miyala ikuluikulu yosanjikizana, nafotokoza mmene dzuwa ndi kuzizira zimaisendera pang'onopang'ono. Ine zinandikoma. Ndinali ndisanadziwe kuti zinthu zimene tinkazidutsa tsiku ndi tsiku zili ndi mayina m'mabuku.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, bambo ankakhala panja pa mpando wachitsulo umene anawotcherera okha, ine n'kumawawerengera kope langa. Iwo sanapite patali ndi sukulu, koma ndikawafotokozera chinthu ankachizindikira msanga.

"Dzenje lotere limenelo ndi chigwembe," ankatero. "Kwathu zilipo zoti ng'ombe ikagweramo mumangoimva kulira."

"Nanga malo athyathyathya amene madzi amakhalitsa, udzu wake wautali?"

"Dambo limenelo. Aphunzitsi akowo sadziwa dambo?"

Anandipatsa mawu ambiri: gwero, mathithi, chigwa, phompho, mathiriro. Ndinayamba kuwalemba ndi pensulo m'mphepete mwa kope, timalemba ting'onoting'ono. Chilichonse chimene ndinkatchula, iwo ankati kwawo chilipo, ndipo n'chachikulu kuposa cha kuno. Kwawoko kunali kuseri kwa phiri la Dedza, ku Malawi, kumene ine ndinali ndisanapondeko.

Temu yachiwiri tinasiya miyala n'kuyamba za anthu. Aphunzitsi anati Chitungwiza ndi tauni yogonamo chabe: anthu amagona kuno koma thukuta lawo limakagwera ku Harare. Chitsanzo sindinachifune kutali. Bambo ankagwira ntchito pa fakitale ina yosungunula chitsulo, ndipo ankachoka tambala asanalire kachiwiri kukaima pamzere wa basi. Pakati pa sabata sindinkawaona nkhope masana. Ndinkangoona ovolosi yawo pachingwe, imene ngakhale amayi aichape bwanji inkatulutsabe madzi akuda.

Ndiye linafika tsiku la phunziro la kusamuka kwa anthu. Aphunzitsi anayamba kufunsa mmodzimmodzi, kuyambira benchi yakutsogolo: "Kumusha kwenyu ndekupi?" kutanthauza kuti kumudzi kwanu n'kuti. Wina anati Murehwa, wina Buhera, wina Gutu, wina Mhondoro. Aliyense anali ndi kwawo kumene ankapita patchuthi, n'kubwerako ndi mtedza ndi mapazi ong'aluka. Kenako funso linafika pa ine.

"St Mary's," ndinayankha.

Kalasi inaphulika ndi phwete. Aphunzitsi anakweza dzanja kuti pakhale bata.

"St Mary's si mudzi, ndi lokeshoni. Bambo ako anabadwira kuti?"

"Ku Malawi."

Nkhope yawo inawala ngati munthu amene watola chinthu panjira. Anandiitanira kutsogolo, najambula mapu pa bolodi, kenako muvi wautali wa choko kuchokera ku Malawi kudzafika ku Harare. Anandigwira paphewa nati, "Nachi chitsanzo chamoyo. Uyu ndi mwana wa wantchito wosamuka." Anafotokoza kuti pali zokankha ndi zokoka. Zokankha munthu kwawo ndi umphawi, msonkho ndi kuchepa kwa minda. Zomukoka kwa eni ndi migodi, mafamu ndi mafakitale. Ndinaima pamenepo mpaka belu, ndikuona anzanga akuwerama n'kulemba dzina langa mu mzere wakumanja wa makope awo.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi aja sanafune kundichititsa manyazi. Ankaona ngati andilemekeza. Koma pobwerera kunyumba anyamata anandilondola kuyambira pageti mpaka ku msika wa Huruyadzo akukuwa liwu la Chingerezi lotanthauza chitsanzo, "Egizampo! Egizampo!" Ena anawonjezera mawu aja amene ankatitukwana nawo ife ochokera kumpoto kwa Zambezi, mabwidi, anthu opanda kwawo. Mtsikana amene ndinkakhala naye benchi imodzi anandifunsa, mosanyoza n'komwe, kuti, "Nanga inu mukafa amakakuikani kuti?" Dzina la Egizampo linandikakamira zaka zonse zimene ndinakhala pasukulupo.

Mkwiyo wanga sunapite kwa aphunzitsi kapena kwa anyamata aja. Unapita kwa bambo. Ndinafufuta mawu onse a pensulo aja m'kope. Ndinasiya kuyankhula Chichewa. Bambo akandiitana kuti, "Iwe mayi, tandipatsa madzi," ine ndinkayankha m'Chishona, ndipo akafunsa za kope ndinkati palibe chatsopano. Amayi anandikalipira kangapo, koma bambo anati, "Msiyeni, ndi chinenero cha kusukulu."

Ntchito yokachitira kunyumba inali yoti tifunse kholo chimene chinalikankha kuchoka kumudzi. Ndinazengereza mpaka Lamlungu lomaliza. Ndinaima patali ndi mpando wawo, kope lili m'manja, n'kufunsa m'Chishona ngati wapolisi.

"Chinakukankhani n'chiyani kwanu?"

Anayankha m'Chichewa.

"Palibe anandikankha. Ndinati ndikagwire chaka chimodzi, ndigule njinga ndi bulangete la amayi anga, ndilipire msonkho, ndibwerere. Ndinali ndisanamere ndevu. Tinanyamuka anyamata asanu, wapansi, kudzera ku Tete. Zambezi tinawoloka pa bwato, ine nditatseka maso. Tsidya lino mmodzi anadwala malungo. Tinamunyamula masiku awiri, lachitatu anatisiya. Tinalibe khasu. Tinakumba ndi mitengo ndi manja, n'kuunjikapo miyala kuti afisi asafukule. Pamalo pake sindingapadziwenso."

Anakhosomola, nalavulira m'kachitini kamene kankakhala pansi pa mpando.

"Ndinayamba pa famu ya fodya, kenako mgodi, kenako kuno. Njinga ndinagula, inatha. Ndinagula ina, inathanso. Chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa. Amayi anamwalira ndili ku mgodi, kalata inandipeza patapita miyezi. Kwathu munthu wotere amamutcha mtchona. Lemba zimenezo."

Sindinalembe zimenezo. Ndinalemba mawu amodzi okha, umphawi, ndipo aphunzitsi anandichonga.

Chifuwa chija chinali chitayamba kale, koma m'nyengo yozizira chaka chotsatira, ndili Fomu 2, chinakula. Ankakhosomola mpaka kugwira khoma. Kuchipatala anati mapapo adzaza fumbi la kuntchito, anawapatsa mapiritsi ndi botolo la mankhwala ofiira. Ku fakitale anawapirira miyezi iwiri, kenako anawaitanira ku ofesi, kuwagwira chanza, n'kuwapatsa wotchi yapakhoma. Anabwera nayo masana, ataikulunga m'nyuzipepala. Aka kanali koyamba kuwaona akulowa pageti dzuwa lili pamutu pakati pa sabata. Amayi atangowaona anakhala pansi pakhonde osafunsa kanthu.

Kuyambira pamenepo amayi anapeza tebulo ku msika wa Huruyadzo n'kumagulitsa tomato ndi repu. Bambo ankatsala pa mpando uja. Anzawo a Chishona amene anawachotsa nawo limodzi anakweza katundu pamabasi n'kupita kumidzi kwawo kukaweta mbuzi. Mmodzi anabwera kudzatsanzika.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, bambo anandiitana.

"Iwe mayi, buku lija la mayiko umalinena lija, aphunzitsi angakubwereke?"

Ndinachita manyazi kupempha, koma ndinapempha. Aphunzitsi anandifunsa chifukwa, ndipo nditawauza anandipatsa osanena zambiri, nati ndibweze Lolemba. Loweruka tinalitsegula pa mphasa. Bambo anasamba m'manja kaye. Ndinawasonyeza Harare, ndinawasonyeza Zambezi ndi Tete, kenako kadontho kolembedwa Dedza. Anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda pepala.

"Nanga mudzi wathu uli pati?"

"Palibe," ndinayankha m'Chishona.

"Palibe bwanji? Mudzi waukulu ngati umene uja, wa manda awiri?"

Ndinawafotokozera zimene tinaphunzira, kuti mapu amachepetsa dziko kuti likwane papepala, ndipo tinthu tating'ono timatsala. Anagwedeza mutu. Kenako anagoneka chala chawo pa pepalalo, tsinde lake pa Harare, ndipo nsonga inapitirira Dedza.

"Chala chimodzi sichikukwana n'komwe," anatero. "Zaka zonsezi."

Anati akufuna kupita kwawo mvula isanagwe. Sananene kuti kukafa, koma tonse tinamva. Amayi, amene anabadwira pa famu kuno komweko kwa makolo ochokera ku Zambia, sanatsutse. Anangofunsa kuti adzera kuti. Njira yachidule ya ku Tete inali m'nkhondo masiku amenewo. Malole ankadutsa pamzere moperekezedwa ndi asilikali, ndipo madalaivala a m'dera lathu ankabwerako akusimba za magalimoto opserera m'mbali mwa msewu. Yotsala inali yozungulira: Chirundu, Lusaka, Chipata. Ndinailondola ndi chala pa mapu, bambo akuyang'ana. Inali ndi malire awiri, ndipo malire aliwonse amafuna pasipoti. Bambo analibe. Anabwera kuno nthawi imene munthu ankawoloka ndi kapepala ka bwana. Chimene anali nacho chinali chitupa chachitsulo chokhala ndi chilembo chosonyeza kuti ndi mlendo.

Tinapita ku Harare awiri, ine chifukwa ndinkatha kulemba mafomu. Ku ofesi yoyamba tinaima pamzere kuyambira m'mawa. Titafika pawindo, kalaliki anatembenuza chitupa chija, naloza chilembocho ndi cholembera.

"Mdhara, inu si wa kuno. Pitani kwa anthu a dziko lanu."

"Ndagwira ntchito kuno kuyambira iwe usanabadwe, mwana wanga."

"Zimenezo sindikukana. Koma pepala likuti mlendo. Wotsatira!"

Ofesi ya anthu a dziko lawo inali pamwamba, ndipo makwerero anatitengera nthawi. Bambo ankakwera atatu n'kupuma. Kumeneko anatilandira m'Chichewa chosalala, chimene ndinali ndisanamvepo chikutuluka pakamwa pa munthu wovala tayi. Bambo anasangalala, anavula chipewa, natchula mudzi wawo, mfumu yawo ndi mfunda wawo. Bambo wa tayiyo anamvetsera mwaulemu, kenako anati pakufunika kalata yochokera kwa mfumu yotsimikiza kuti iwo ndi mbadwa ya mudziwo.

"Mfumu imene ndikuidziwa ine inali nkhalamba kale pamene ndinkachoka."

"Ndiye alembe amene alipo panopa."

"Sandidziwa."

"Pamenepo ndiye povuta, achikulire. Nanga ife tikudziwani bwanji? Munali kuti zaka zonsezi?"

Bambo anavala chipewa. Potsika, pa makwerero apakati, chifuwa chinawagwira, ndipo atachotsa mpango pakamwa ndinaona magazi. Anaupinda msanga n'kuubisa m'thumba.

"Usakawauze amayi ako."

"Sindikawauza, ababa," ndinatero.

Ndinayankha m'Chichewa. Panali patapita chaka ndi miyezi ndisanawayankhe choncho. Sanandiyang'ane. Anangotsamira paphewa langa mpaka pa siteji ya basi.

Tinalemba kalata kwa mlongo wawo, amene sankadziwa ngati ali moyo. Iwo ankanena, ine ndikulemba. Tinaitumiza kudzera ku mishoni imene ankaikumbukira, pa envelopu n'kulembapo dzina la mudzi ndi mawu oti kuseri kwa phiri. Masabata oyamba ankandituma kukaona ngati wamtokoma wadutsa. Kenako anasiya. Yankho silinabwere, ngakhale pambuyo pake.

Mwezi wa Okutobala kunatentha kwambiri. Bambo anasiya kutuluka panja. Tsiku lina ndikukonzeka kupita kusukulu anandiitana kuchipinda. Anali ataonda moti mawondo ankaoneka ngati zibakera pansi pa nsalu.

"Iwe umadziwa za mapu. Kwathu ndi mbali iti, kuchokera pano?"

Ndinaganiza kumene dzuwa limatulukira, ndinatembenuka, n'kuloza pakona ya chipinda, pakati pa kumpoto ndi kum'mawa, pamene panali kabati.

"Uko."

"Mukamadzandiika, nkhope iyang'ane kumeneko. Uwauze ndiwe. Amayi ako adzakhala akulira."

Anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi, masana, ine ndili m'kalasi. Mayi wina woyandikana nafe ndiye anabwera kudzanditenga. Anaima pakhomo la kalasi atamanga chitenje, ndipo ndisanamve chimene ankawanong'oneza aphunzitsi ndinali nditayamba kale kulongedza mabuku.

Maliro anayendetsa ndi a bungwe la maliro la anthu akwathu, madoda a ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia amene ankasonkhana mwezi ndi mwezi pokonzekera tsiku ngati limeneli. Anabweretsa bokosi, nkhuni ndi lole. Ndinapita kwa mkulu wawo, gogo wina wa ndevu zoyera amene ankasoka nsapato ku Huruyadzo, ndinagwada n'kumuuza mawu a bambo. Anandimvetsera bwino, nati, "Wanena, mwana. Tikaona komweko."

Kumanda tinapeza dzenje atakumba kale anthu a kumandako. Linali limodzi mwa maenje ambiri okumbiratu, pamzere wowongoka ngati mizere ya fodya, onse kuloza mbali imodzi. Dothi linali lofiira, louma gwa. Gogo uja anapita kwa woyang'anira manda n'kumupempha kuti atilole tipotoze dzenjelo pang'ono. Munthuyo anakana. Anati manda ali ndi manambala, ukapotoza limodzi walowa m'malo a mnzako, ndipo anatilozera maliro ena amene ankadikira pageti.

Madoda anaima mozungulira, akunong'onezana. Kenako gogo uja anandiitana pakati pawo, ine mtsikana, pamalo pamene akazi safikapo.

"Tatiuza, mwana wa sukulu. Kwawo ndi kuti?"

Dzuwa linali pamutu ndipo kwa kanthawi ndinasokonezeka. Ndinayang'ana kumene kunali nyumba za St Mary's, ndinakumbukira kumene limatulukira tikakhala kwathu, n'kuloza. Kumene ndinalozako kunali mpanda wa waya, kuseri kwake munda wa chimanga chopserera cha chaka chatha.

Dzenje silinkaloza kumeneko. Gogo uja anapempha amayi ndi akazi onse kuti atembenuke. Amuna awiri anatsegula bokosi, napendeketsa mutu wa bambo kuti tsaya ligone mbali yakumpoto, n'kuikapo nsalu yopindapinda kuti usabwerere. Ine sindinatembenuke, ndinaona. Sikunali kwenikweni kumene ndinaloza, kunali kufupi nako chabe. Anakhomanso misomali, natsitsa bokosi, abusa anafupikitsa pemphero chifukwa woyang'anira uja ankangoyang'ana kugeti. Tisanamalize kukwirira, lole ya maliro ena inali italowa kale.

Mayeso a Fomu 2 ndinalemba, ndipo jogalafe ndinakhoza bwino kuposa maphunziro ena onse. Koma Januwale wotsatira sindinabwerere. Amayi sakanatha kusunga ana atatu pasukulu ndi tebulo limodzi la tomato, ndipo wamkulu ndinali ine. Chipinda chimodzi tinalowetsamo banja lina, ife tonse n'kumagona m'chotsalacho. M'mawa uliwonse ndinkapita ndi amayi kukapikula ndiwo, masana n'kumakhala pamsika.

Tsiku lina chakumapeto kwa Febuluwale ndinaona aphunzitsi aja akubwera pakati pa matebulo, akutsimphina. Ndinafuna kubisala kuseri kwa matumba a mbatata koma anali atandiona kale.

"Bwanji sukuoneka kusukulu?"

"Ndikuthandiza amayi."

"Ndinamva za bambo ako. Pepa." Anaima pang'ono, akugwiragwira tomato. "Sanathe kupita kwawo kuja?"

"Ayi. Tinawaika konkuno."

Anafunsa chimene chinalepheretsa, ndipo ndinawauza za maofesi awiri aja, mwachidule, chifukwa panali kasitomala wina akudikira. Anamvetsera atayang'ana pansi. Kenako anati malo anga akadalipo, akhoza kukayankhula ndi ahedi, mutu ngati wanga si wokhala pamsika. Amayi anawathokoza mwaulemu, nati tiona zikayenda bwino. Tonse atatu tinkadziwa kuti sizidzatheka. Anagula mulu umodzi wa tomato, amayi anawaikira awiri apamwamba, ndipo aphunzitsiwo anapita.

Ndinawayang'ana mpaka anakhota pa mabala a mowa. Kenako amayi anandigwedeza pamkono, nati ndikatunge madzi ndiwaze repu, wayamba kufota.